Khutu la Shunzi

Agogo a Kou, akukanda ufa wa tirigu, anamuuza mdzukulu wawo Shunzi, wanthabwala wa pansanja: "Iwe, seka za apongozi, seka za kudula kwa nyama, koma leka kunamiza anthu kuti umadumphira mumtsinje. Sudziwa kusambira."

"Agogo, anthu amabwera kudzaseka, osati kudzandiyesa mayeso."

Chaka chimenecho mzinda wonse wa Tianjin, ku China, unapenga ndi kusambira. Madala a mimba zawo ankadumpha pamlatho kugwera mumtsinje wa Hai, khamu likuwajambula ndi mafoni. M'nyumba zomwera tiyi, wanthabwala wopanda nkhani ya kusambira ankangoseketsa mipando. Ndiye Shunzi, bambo wandevu zake, ankakwera pansanja atavala kakabudula kosambirira, n'kumati madala aja anawaphunzitsa ndi iye.

Chinkawawa agogo a Kou n'chakuti nthabwala yaikulu anali iwo. Shunzi ankapinda msana, n'kunjenjemeretsa mawu: "Mugwireni! Sadziwa kusambira! Ngakhale m'beseni muli imfa!" Anthu ankafa ndi phwete. Kumsika wogulitsa kabichi anafika powafunsa kuti, "Mayi, tiyi mumamwa mutavala chubu?" Iwo amene anaona achimwene awo akuvuulidwa chaka cha madzi osefukira, milomo ili bii! Zoseketsa zimenezo? Mwana anamulera kutali ndi madzi, lero akudyera mantha awo.

Loweruka lina Shunzi anapita kumlatho kukajambulitsa ndi kakabudula kake kaja. Agogo anamulondola, jekete lake lili m'manja. Atangokwera pachitsulo cha m'mphepete, anthu anamuzindikira.

"Aphunzitsi afika! Dumphani, aphunzitsi!"

A Bian, mdala wadazi amene wakhala akudumpha pamenepo kuyambira unyamata, anamuyang'ana kumapazi. "Mphwanga, zala zako zakanirira chitsulo ngati nkhanu. Tsika, ndikakugulire tiyi."

"Shunzi, tsika!" agogo anakuwa. "Mugwireni! Sadziwa kusambira!"

Khamu linaphulika. Mawu omwe aja, kunjenjemera komwe kuja.

"Ndi agogo aja! Wabwera nawo!"

"Agogo, tabwerezani, sindinajambule!"

Agogo anakoka malaya a uyu, anakoka a uyo, misozi ili chuchuchu, anthu n'kumawatama kuti gogoyu amatha sewero kuposa mdzukulu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatambasula dzanja.

Shunzi anayang'ana madzi, anayang'ana mafoni. Kutsika kukanakhala kutha kwa ntchito. Anatsinzina, anadziponya, anagwa chammbali, phwaa! Anthu anaomba m'manja. A Bian okha ndi amene anaona kuti kuphiriphitha kuja si sewero. Anadumpha, n'kumukokera kumtunda atamugwira tsitsi, akumutukwana njira yonse.

Moyo anapulumuka nawo, koma madzi anamuboola khutu lakumanzere. Adokotala anati silidzamvanso.

Atachira anabwerera pansanja, koma phwete la anthu linkamufika ngati la kuseri kwa khoma. Ankayamba nthabwala ina anthu akusekabe, ankaima kudikira pomwe palibe woseka. Mwini nyumba ya tiyi sanachedwe, anaikapo mtsikana wina wosambira zenizeni.

Masiku ano Shunzi amazungulira m'matebulo momwemo ndi ketulo ya madzi otentha, mutu uli chopendekera kuti amve zimene alendo akuitanitsa.