Dulani ndi Zitsa Zomwe

Chaka chimene boti lalikulu linayamba kufika pachilumba kawiri pa sabata, anthu anapenga ndi malo. Alendo a m'tauni ankatsika atavala magalasi akuda, funso lawo lili limodzi: kodi pali nyumba yoyang'ana kunyanja? Munthu amene dzana ankadandaula kuti munda wake ndi mchenga wokhawokha, lero umamupeza akuuyeza ndi chingwe, mawa n'kuuyezanso, ngati kuti ukukula.

A Telala sanayeze kalikonse. Anali mayi wosoka malaya ndi mayunifolomu, ndipo ankakhala m'nyumba ya bambo awo, yomaliza kumapeto kwa mudzi. M'nyumbamo anadwazika bambowo zaka khumi ndi chimodzi, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi sipuni. Achimwene awo anachoka pachilumba ndevu zisanamere, ndipo m'zaka zonsezo anabwera katatu, ulendo wachitatuwo n'kukhala wa maliro a bambo. Anatsika m'boti atavala suti dzuwa likuswa mtengo, ndipo dzina loti a Suti linawakakamira tsiku lomwelo.

Patangotha sabata, a Suti anatulutsa pepala m'chikwama. Nyumba inali m'dzina lawo kuyambira kalekale, poti ndiwo anali mwana woyamba.

"Mlongo wanga, usandione ngati munthu woipa," anatero. "Nyumbayi ndikuigulitsa. Ikufunika penti, ogula asaipeze ikununkha matenda. Iwe uyambe wapeza pogona. Komatu sindikukusiya chimanjamanja ayi, kamzere ka kunyanja kaja, ka mitengo, n'kako."

Kununkha matenda! Wonenayo n'kukhala munthu amene sanachapepo ndi bulangete limodzi lomwe. Kamzereko kanali mchenga wa mapazi makumi atatu pakati pa bwalo la nyumba ndi madzi, pomwe panali mitengo makumi awiri ndi itatu imene bambo awo anabzala. Sungamangepo, sungalimepo.

A Telala sanakuwe, sanatukwane. Anasamukira m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa golosale, pakati pa matumba a mchere ndi makatoni a sopo, makina osokera n'kuwaika pakhonde. Anthu ankati mayi uja ndi wofatsa. Kufatsa kwa chiyani? Munthu ankadana ndi mchimwene wake mpaka chakudya kumakanika kutsika pakhosi. Chimene ankafuna chinali chimodzi: nyumba ija isagonedwe ndi mlendo.

Ogula anabwera, dokotala wa mano ndi mkazi wake. Mayiyo anaima pakhonde lopakidwa penti yatsopano, n'kusuzumira uku ndi uku.

"Nyanja ndikuimva, koma sindikuiona," anatero.

Ananena kuti adzabweranso ikatha miyezi ya mphepo, ndipo madzi akadzakhala kuti akuoneka ali chikhalire pampando, adzasaina.

M'mawa mwake a Suti anafika pakhonde la golosale atanyamula botolo la chakumwa chozizira, mphatso yoyamba imene anapatsapo mlongo wawo chibadwire.

"Mitengo yako ija ikutitchingira mwayi," anatero. "Lola tiidule. Nkhuni zonse utenge ndiwe."

A Telala anachotsa phazi pamakina. Mwana aliyense wokulira pachilumbapo amadziwa chifukwa chake nyumba za mbali imeneyo zimabisala kuseri kwa mitengo. Nthambi zimathyola mphamvu ya mphepo, mizu imagwira mchenga kuti mafunde asaukokolole. Iwo eni ali mtsikana ankaithirira mitengoyo ndi chitini, bambo awo akuwalozera. Koma achimwenewa nyengo ya mphepo anaiona komaliza ali mwana, ndipo zomwe ankakumbukira n'zoti sankapita kusukulu. Chilungamo chinafika pa lilime, a Telala n'kuchimeza.

"Dulani, achimwene," anayankha mofatsa. "Ndi zitsa zomwe muzule. Mayi aja angapunthwe."

Wocheka matabwa, amene anapatsidwa ganyuyo, anayamba wadzera kwa a Telala.

"Mayi, mwalola ndinu? Ntchito ya mitengo ija mukuidziwa."

"Ndikuidziwa. Inu mwaitanidwira kudula, kaduleni."

Bamboyo sanaugwire mtima, anakawatsina khutu a Suti. A Suti anaseka chikhakhali.

"Anthu a kuno mphepo mumaiopa ngati apongozi. Tadulani apa, tione nyanja."

Ntchito inatenga masiku anayi, kuzula zitsa masiku ena asanu. Kunena zoona, malowo anakongola. Ukakhala pakhonde unkaona madzi mpaka kumene maso alekezera. A Suti anajambula ndi foni mbali zonse n'kutumiza ku tauni, ndipo ankayenda m'mudzi manja ali m'thumba.

Mphepo inafika Lachitatu masana, a Telala akusoka kolala ya yunifolomu. Poyamba inangogwetsa zovala pazingwe. Kenako kunamveka phokoso kumapeto kwa mudzi, ndipo lata limodzi linadutsa pamwamba pa golosale likutembenuzika, kukagwera pabwalo la sukulu. Anthu anathamangira kumeneko. A Telala sanadzuke. Anamaliza kolala ija bwinobwino, mtima ukuwakomera moti anachita kudzidabwa.

Mphepoyo inaomba masiku asanu ndi anayi, n'kupuma, n'kuyambiranso. Mafunde analowa m'maenje a zitsa aja n'kuyamba kudya kamzere ka a Telala ngati mbewa pa sopo. Mwezi wachiwiri kamzereko kunalibe. Mchenga unadzaza pakhonde, khoma la kutsogolo linang'aluka, kenako linagona pansi ndi penti yake yatsopano yomwe. Anthu ena amene anali atanola kale nkhwangwa kuti nawonso aonetse nyanja, anazibwezera kuseri kwa chitseko mwakachetechete.

Dokotala wa mano ndi mkazi wake anabweradi. Nyanja anaiona, inali pafupi kuposa mmene anapemphera. Anabwerera pa boti lomwelo.

Tsiku limenelo a Suti anafika pagolosale opanda jekete, nsapato zodzaza mchenga.

"Unkadziwa," anatero.

"Ndinkadziwa."

"Bwanji sunanene?"

"Munandifunsa, achimwene? Inu munabwera kudzandiuza. Pa zonse mumangondiuza."

"Waononga nyumba ya bambo ako, mfiti iwe! Ndi malo ako omwe apita. Wapindula chiyani?"

A Telala anawayang'ana m'maso osaphethira. A Suti anaponya kiyi pamakina osokera.

"Tenga bwinja lakolo. Ine ndanyamuka Loweruka, ndipo kuno sindidzapondakonso."

A Telala anapita okha kunyumba kuja. Kiyi sanamugwiritse ntchito, poti chitseko chinali chitapita ndi khoma. M'chipinda cha bambo awo munali mchenga wolekeza m'mawondo, pamwamba pali thambo lokha. Apa mpamene misozi inatuluka, ndipo analira kwambiri, chifukwa nyumbayo ankaikonda ndipo anaipha ndi pakamwa pawo. Koma atafufuza mumtima kuti apezemo chisoni cha zomwe anachita, sanachipeze.

Chipinda cha kumbuyo chokha ndicho chinatsala ndi denga. Anatuluka n'kuwerenga mapazi kuchokera pakhoma lake kukafika pamadzi: khumi ndi anayi. Mmene nyanja inkadyeramo, chipindacho chikanaona mphepo ya chaka chamawa, koma sichikanapulumuka.

Anabwereka fosholo ndi tsache kwa mayi woyandikana nawo.

"Mukufuna kugona mmenemo?" anafunsa mayiyo. "Madzitu akubwera, anzanga."

"Abwere," anatero a Telala. "Andipeza ndili kwathu."