Nyimbo Yomaliza pa Chimbale cha Coy Rutledge

"Tulutsa mutu m'bokosimo, Wendell, ukomoka ndi fumbi," anatero a Hoyt, koma ine ndinali nditachigwira kale. Chinali chimbale cha gulu la Coy Rutledge, chodindidwa koyamba konkuno ku Macon, kum'mwera kwa America, mu 1973, chikuto chake chitadyedwa ndi makoswe pakona.

A Hoyt ankagulitsa zinthu zakale m'khola la ng'ombe lomwe analisandutsa sitolo, ndipo matenda anga ankawadziwa bwino. Kunyumba ndinali ndi chipinda chodzaza zimbale za magulu akwathu kum'mwera kuno, anyamata atsitsi lalitali oimba ndi magitala atatuatatu. Koma ichi ndinachisaka mpaka imvi kumera. Zodindidwa pambuyo pake zili mbwee, kungoti zonsezo zilibe nyimbo yomaliza, imene anaimba mtsikana wina wosalembedwa dzina. Inachotsedwa, ndipo panalibe wodziwa chifukwa chake.

"Ndi chenicheni chimenechi?" ndinafunsa.

"Ndinayamba ndakunamizapo ine?"

"Kawiri konse."

"Ndiye kachitatu ndakusungira tsiku lina. Nyamula uzipita, usanandilirire pano."

Kunyumba ndinapeza amayi akukanda ufa wa masikono. Anasamukira kwanga bambo atamwalira, ndipo chichokereni kumanda anali munthu wa zii. Kwaya ya kutchalitchi anaisiya. Ankangokhala pawindo, kuyang'ana msewu. Chomwe chinkawatsegula pakamwa ndi zimbale zangazo, zomwe ankazitcha phokoso la zidakwa.

"Wabwera nacho china?" anafunsa osacheuka. "Anzako akubweretsa adzukulu, iwe ukubweretsa mbale zosadyerapo."

"Nyimbo imodzi yokha, amayi. Nditsitsa mawu."

Ndinalowa kuchipinda, n'kuika chimbalecho pagalamafoni, n'kutsitsira singano pa nyimbo yomalizayo. Kunamveka kuthetheka, kenako kulira kwa gitala. Mtsikana uja anaseka pang'ono, ngati wochita manyazi, n'kuyamba kuimba. Mawu ake anali aakulu, okhakhala pang'ono, osaopa kanthu.

"Coy wafulumira apa," anatero munthu kumbuyo kwanga. "Ankangothamanga ngati agalu ali pambuyo."

Anali amayi, ataima pakhomo, manja ali mbuu ndi ufa.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Tatseka pakamwapo ndimve."

Tinamvera mpaka singano inafika kumapeto. Amayi anakhala pansi, pabokosi la zimbale, ndipo ine sindinawaletse.

"Ndinali mtsikana, ndikugwira ntchito pamalo odyera oyang'anizana ndi nyumba yojambulira nyimbo," anatero. "Tsiku lina ndinawapititsira nkhuku yokazinga, ndikudziimbira pansipansi. Coy akuti, 'Verlene, ika nkhukuyo apo, uimbe zimenezo mokweza.' Ndinaimba, epuloni ili m'chiuno."

"Ndiye mtsikanayu..."

"Ndi mayi ako, chitsiru iwe. Sukulu yonse ija inapita kuti?"

Ndinafunsa chomwe anaichotsera.

"Agogo ako, adikoni aja. Atamva, anavala suti ya Lamlungu, n'kukakhala pakhomo pa ojambula nyimbowo ndi Baibulo pamwendo. Sanadzuke mpaka atawalonjeza kuti aichotsa. Ine anandiletsa ngakhale kudutsa msewu umenewo." Anayang'ana chimbalecho. "Sindinaimvepo, Wendell. Lero ndi koyamba."

"Nanga bambo ankadziwa?"

"Iwe ukuganiza anandikondera chiyani, masikonowa? Anali pomwepo, akukonza magetsi. Anagwetsa makwerero."

Anaseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, komwe ndinali nditakuiwala. Ndinawauza kuti osonkhanitsa zimbale amakangana za mtsikanayu mpaka kutukwanizana. Ena amati anali woimba wotchuka wa ku Nashville, mzinda wa oimba, wobisa dzina, ena amati anafa pangozi chaka chomwecho.

"Ndinafa? Ukawauze kuti malemuwo akudwala bondo chabe. Bwezera."

Ndinatambasula dzanja, koma anandimenya pamkono.

"Choka. Nyimbo ndi yanga."

Anachinyamula chimbalecho, osati m'mbali monga timachitira ife, koma ndi zala zonse, pamizere penipeni, n'kuchiyang'ana pafupi ngati nkhope ya mwana. Munthu wina aliyense ndikanamutulutsa m'nyumba. Anachibwezera, natsitsa singano mokhotakhota, kenako anaimirira bwinobwino, mapewa kumbuyo, monga ankaimira kutsogolo kwa kwaya.

Mtsikana uja atayamba, amayi anamulandira ndi mawu apansi, okalamba, n'kumamuperekeza mzere ndi mzere. Pamene Coy anafulumira, analoza chimbalecho ndi chala. Ine ndinakhala pansi, kuyang'ana chimbale chakudacho chikuzungulira, ndi zidindo za zala zoyera ndi ufa zikuzungulira nacho limodzi.