Pasipoti ya Eliness

Eliness anamva kwa mnzake wa kukwaya kuti pa Msundwe pabwera anthu olemba atsikana ntchito za m'mahotela kutsidya kwa nyanja. Chimalizireni fomu folo, iye ankangolima mtedza ndi mayi ake, nthawi zina n'kumasoka fodya wa eni ake m'zigafa za kwawo, kuseri kwa Namitete. Pasipoti anali nayo kale. Anam'pangitsira ndi malume ake, amene ankati adzam'tengera ku Joni, koma anamwalira ulendowo usanachitike.

Tsiku la msika anavala bulauzi ya kutchalitchi n'kukwera kabaza. Anthuwo anawapeza m'kachipinda kena kuseri kwa golosale, atsikana atandanda mpaka panja. Patebulo panali bambo wonenepa wa tayi, amene ankadzitchula kuti a Goliati, ndi mayi wina wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, dzina lake a Maureen.

"Mapepala mwabweretsa, asisi?" anafunsa a Goliati.

Eliness anatulutsa mafotokope amene anapangitsa m'mawa womwewo. Bamboyo anangowakankha ndi chala chimodzi. Chalacho chinali chopindika, ngati chinathyokapo kalekale.

"Awa mukapereke kugolosale. Kunja amafuna enieni. Pasipoti, chiphaso cha unzika, satifiketi. Tikakawaonetsa kuofesi mudzawalandira pokwera ndege."

"Nanga simundilembera penapake kuti mwatenga, bwana?"

A Goliati anaseka, n'kuyang'ana atsikana a pamzere. "Amene akukayika apatuke. Anzake akudikira."

Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza. Eliness anachita manyazi. Anamasula kajumbo kamene anakapinda m'chikwama, n'kupereka zonse zitatu. A Maureen anaziponya mu envulopu yaikulu ya khaki momwe munali kale za ena.

Lamulungu masana, akhristu a mphakati wawo anakumana kwa a Josephine, mayi wamasiye wa mudzi woyandikana nawo, amene onse ankawatchula kuti amake Hannah. Pa nthawi ya mapempho, mayi a Eliness anapempha kuti anthu apempherere ulendo wa mwana wawo. Onse anayankha, kupatula amake Hannah. Anthu atayamba kubalalika, iwo anakodola Eliness ndi mayi ake, n'kupita nawo kuseri kwa khitchini.

"Ndakhala ndikuuza anthu kuti Hannah ali bwino ku ntchito yake ya kuhotela kunjako," anatero. "Ndinanyadira kwambiri popita, ndiye pakamwa panandilemera. Koma tamvani izi."

Anatulutsa foni m'chitenje. Munamveka mawu a mtsikana akunong'ona.

"Amayi, musaimbe, foniyi ndabwereka. Si hotela kuno, ndi nyumba ya munthu. Pasipoti anandilanda nditangotsika ndege. Geti amakhoma. Ndikanena kuti ndikudwala amandimenya. Akuti anandigula, sindingachoke. Amayi, dzina la malo ano sindikulidziwa." Kenaka panamveka chitseko, mawuwo n'kudukira pomwepo.

Eliness ankamudziwa Hannah, ankaimba naye limodzi ali ana.

"Anam'tenga ndani?" anafunsa.

"Bambo wina wonenepa. Ankati ndi a Vincent. Ali ndi chala chopindika, cha kumanja."

Mayi a Eliness anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

M'mawa mwake Eliness anaimba nambala imene a Goliati anam'patsa tsiku la msika lija. Anayesa kulankhula mwaulemu, kuti mayi ake sakupeza bwino, ndiye wasintha maganizo, akupempha mapepala ake. A Goliati atayankha, mawu awo sanali aja a patebulo.

"Asisi, mwakumana ndi ndani?"

"Palibe, bwana."

"Tamverani. Dzina lanu lili ndi ine, nkhope yanu ili ndi ine. Mukapanda kupita inu, apita wina ndi pasipoti yomweyo. Akakapalamula kumeneko, adzafunsa ndani? Ndipo musadzivute kupita kupolisi, ndimva tsiku lomwelo. Kwanu ndikudziwako. Si nyumba ya chitseko chobiriwira ija, pafupi ndi mjigo?"

Eliness anatembenuka n'kuyang'ana chitseko chawo. Za nyumba yawo sanauzepo munthu aliyense m'kachipinda muja.

"Lachisanu m'mawa galimoto idzaima pa Msundwe. Mubwere ndi chikwama."

Masiku otsatirawo chakudya sichinkam'tsika. Njinga yamoto ikamveka kumsewu, ankalowa m'nyumba n'kusuzumira pa mng'alu wa zenera. Kumjigo anasiya kupita. Mayi ake ankamuchonderera kuti angoiwala. "Mapepala ndi mapepala, mwanawe. Ine ndikufuna iwe."

Koma Eliness akatseka maso ankaona mtsikana wina wosam'dziwa akuwoloka malire ndi dzina lake. Ankaonanso satifiketi ija, imene anaivutikira poyenda wapansi kupita kusukulu mvula ili pamsana.

Lachinayi kunabwera amake Hannah pamodzi ndi mlongo wawo Adamson, woyendetsa njinga yamoto pa siteji ya Msundwe. Anakhala m'nyumba, chitseko chotseka.

"Munthu ameneyu ine ndikufuna ndimuone ndi maso," anatero amake Hannah. "Koma akapanda kukuona iwe, saima."

"Upite ngati wavomera," anatero Adamson. "Umuuze akuonetse mapepala. Akangotulutsa, ife tafika. Wapolisi ndikam'dziwitsa m'mawa momwemo, kuti nkhani isayende msanga. Chimodzi chokha: m'galimoto usalowe."

Lachisanu Eliness anafika pa siteji ndi chikwama momwe munali zitenje zakale. Anaona Adamson patali atakhala panjinga yake ngati akudikira makasitomala. Foni inalira.

"Musaime pamenepo," anatero a Goliati. "Dutsani pakati pa mashopu, mubwere kuseri kwa chigayo. Musadule foni, tizilankhula."

Anayenda foni ili kukhutu, osatha kukodola munthu. Polowa m'kanjira ka pakati pa mashopu anacheuka, koma basi ina inali itaima pakati pa iye ndi Adamson. Sanadziwe ngati amuona.

Galimoto inali yoyera, ya magalasi akuda, injini ikulira. Chigayo chinkachita phokoso loti munthu atakuwa sangamveke. Chitseko chakumbuyo cha galimotoyo chinali chotsegula, ndipo mkati munakhala atsikana awiri atakumbatira zikwama. Mmodzi anamuzindikira, Chrissy wa ku Mpingu, amene anali patsogolo pake pamzere paja. Chrissy anamwetulira.

"Ndione kaye pasipoti yanga, bwana," anatero Eliness.

A Goliati anatenga envulopu ija pambali pa giya, n'kusolola pasipoti imodzi pang'ono chabe. "Si iyi? Lowani, tachedwa."

Eliness anayang'ana kukanjira kuja. Kunalibe munthu. A Maureen anali atatsika kale, ndipo anamugwira pamsana ngati akumuthandiza, n'kumukankhira mkati. Chitseko chinatsekeka. Maloko onse anagwa nthawi imodzi.

"Mafoni onse kuno," anatero a Maureen atakhala kutsogolo. "Tikawalembetse kuofesi."

Galimoto inanyamuka. Eliness anakoka chotsegulira chitseko, koma chinangobwerera chopanda kanthu. Anaganiza za geti lija la Hannah, n'kuona kuti lake latsekeka kale, kwawo konkuno, chigayo cha kwawo chikulira.

Atatsala pang'ono kulowa mu msewu wa tala, galimoto inaima mwadzidzidzi. Pakati pa njira panaima amake Hannah, chitenje atamanga m'chiuno, mpango utagwa. Anatsamiritsa manja onse awiri pa boneti.

"Vincent! Mwana wanga ali kuti?"

A Goliati analiza hutala. Anayendetsa galimoto pang'ono, n'kuwagunda m'mawondo. Mayiwo anagwa, koma anadzuka n'kugwiranso boneti.

"Ndipondeni! Koma mundiuze kaye kumene kuli Hannah!"

Njinga zamoto zinatulukira mbali zonse. Eliness anaona kuti a Goliati akuyang'ana kutsogolo. Anadziponya pakati pa mipando n'kugwira envulopu ija. A Maureen anamukanda padzanja, zikhadabo zinalowa m'mnofu, koma iye sanasiye. Anaikokera pamimba n'kuigonera.

Panja anthu anali atachuluka. Ena ankamenya denga ndi zibakera, ena ankagwedeza galimoto. Mwala unaphwanya galasi lakumbuyo, zidutswa n'kuwagwera m'tsitsi. Kenaka munthu wina anakuwa.

"Akuba ana! Bweretsani petulo!"

Chrissy anayamba kulira mokweza. Chifukwa cha magalasi akuda aja, a panja sankaona kuti mkati muli ndani. Eliness anamenya zenera ndi chikhatho, akukuwa dzina la Adamson, koma mawu ake ankathera m'phokosolo. Anaona mnyamata wina akuthamanga ndi botolo.

"Tsegulani, bwana, tifera muno!" anakuwa. "Chonde tsegulani!"

Nkhope ya Adamson inaonekera pa galasi loswekalo. "Muli atsikana umu!" anakuwa akutambasula manja. "Musayatse! Muli ana athu umu!"

Maloko anatseguka. Atsikana atatuwo anagwera panja, wina pamwamba pa mnzake. A Maureen nawo anatsegula chitseko chawo kuti athawe, koma amayi ogulitsa tomato anawagwira. Anthu atathamangira mbali imeneyo, a Goliati anabweza galimoto cham'mbuyo mwaliwiro, anagwetsa njinga ziwiri, n'kukhotera mu msewu wafumbi, chitseko chili pululu. Anyamata anawathamangitsa, koma anabwerako opanda kanthu.

Wapolisi uja anafika pa nthawi yake, n'kuchotsa a Maureen m'manja mwa anthu asanawavulaze.

Eliness anakhala pa khonde la shopu ina n'kutsegula envulopu. Munali mapasipoti ndi ziphaso za unzika za atsikana angapo. Anapeza zake. Anaikhutula yonse, anaigwedeza, koma satifiketi munalibe ngakhale imodzi.

Kupolisi a Maureen ananena kuti masatifiketi amasunga ndi bwana wawo, ndipo kumene amapita nawo iwo sadziwa. Ananenanso kuti dzina lenileni la bamboyo si Goliati kapena Vincent, ndipo iwonso sanauzidwepo. Wapolisi analemba zonse, n'kumufotokozera Eliness kumene angayambire kuti adzapeze umboni wina wa mayeso ake. Anamuuzanso kuti kwa masiku angapo asagone kwawo. Mayi ake anati apite kwa azakhali ake ku Nambuma.

Amake Hannah sanalole kupita kuchipatala, ngakhale magazi ankatsika m'miyendo. Anapempha kuti alankhule ndi a Maureen. Anagwada pakhomo la chipinda chimene anawatsekeramo.

"Inunso ndinu mayi, eti? Sindikufuna china. Ndiuzeni kumene kuli mwana wanga."

A Maureen anayang'ana khoma. Kenaka anatchula dzina la mzinda wina, ndi nambala ya munthu amene amalandira atsikana kumeneko. Wapolisi anailemba m'buku lake, n'kunena kuti aitumiza kwa akuluakulu ake, mayiwo adikire.

Koma atangotuluka panja, amake Hannah anam'patsa Eliness foni yawo. Nambala ija anali ataisunga pamtima.

"Maso anga sakuona bwino. Tandiimbira."

Anaima pansi pa mtengo wa keshya, mitu itagundana, foni ili pakati. Inaitana nthawi yaitali. Kenaka kunayankha mwamuna, m'chilankhulo chimene onse awiri anali asanachimvepo.

"Hannah," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Ndikufuna Hannah. Ndine mayi ake."

Mwamunayo analankhulanso mawu angapo, n'kukhala chete. Sanadule. Chapatali m'nyumba imeneyo munkamveka madzi akutuluka pa mpopi, ndi munthu akutsuka mbale.