Udzu Wothiriridwa M'mawa Uliwonse

Tisunge analimva fungolo asanatule n'komwe chikwama. Linkachokera kuseri kwa nyumba, m'khola lakale la nkhuku, mmene anasanja mabelo ake a udzu. Udzu wouma bwino umanunkhira ngati masamba a tiyi. Ili linali fungo la bulangete limene laiwalidwa m'beseni.

Udzuwo unali thukuta lake la chaka chonse. Atamaliza maphunziro a zaziweto n'kutopa ndi kufunsira ntchito, anapempha mayi ake, a Dailesi, theka la munda umene malemu bambo ake anasiya kupitirira Likuni. Anadzalamo udzu wa rodesi, wodyetsa ng'ombe. Achibale anaseka mpaka kugwira nthiti. Anthu amalemba aganyu kuti achotse udzu m'munda, koma mwana wa a Dailesi, ndi digiri yake yonse, ankachita kuudzala m'mizere. Anaumweta mu Epulo utangoyamba maluwa, n'kuufotetsa padzuwa pang'ono, kenako n'kuumalizitsira pamthunzi kuti uume osataya kubiriwira kwake. Ankaupondaponda yekha m'bokosi lamatabwa n'kumanga ndi chingwe, belo ndi belo, mpaka ngolo ya abulu inautula kwawo ku Chinsapo.

Tsopano unali Okutobala. Madambo onse anali atapsa, ng'ombe zikunyambita fumbi. A Laws Mhango, mphunzitsi wopuma amene ankaweta ng'ombe zamkaka komanso anali wapampando wa gulu la alimi a mkaka, analonjeza kubwera Loweruka. Ananena kuti udzuwo ukawakhutiritsa, gulu lonse lizigula kwa iye mpaka mvula itagwa. Loweruka lake linali lomweli. Tisunge anali atangobwera kumene kuchokera ku Area 25, kumene anakhalako masabata angapo kuthandiza mkulu wake Elsie amene anali m'chikuta. Ponyamuka anangosiya mawu amodzi: mayi ake amuyang'anirire udzu.

Analowa m'kholamo n'kupisa dzanja m'kati mwa belo loyamba. Munali motentha ngati buledi wongophulidwa kumene. Atasolola udzu, unatuluka wamanyowa, wochita chuku choyera. Belo lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linachita kutulutsa kanthunzi. Anayang'ana kudenga. Malata anali bwinobwino, ndipo mvula inali itasiya kalekale. Anazungulira khoma kufuna paipi yophulika, ngakhale ankadziwa kuti kuseriko kulibe paipi. Pobwerera m'pamene analiona, litakhala mwaulemu pamwamba pa mabelo: botolo lapulasitiki la chivindikiro chobooledwa ndi msomali, lija mayi ake amawazira mpiru ndi chayinizi kumsika.

A Dailesi anatulukira ali ndi chitenje chawo chatsopano. Anali atasiyira mnzawo benchi kumsika kuti adzaone wogulayo ndi maso awo.

"Amayi, botolo ili likutani muno?"

"Likugwira ntchito imene unandisiyira. Ndiye moni wake ameneyo? Mwana akupeza bwanji kwa Elsie?"

Tisunge anayankha kuti mwana ali bwino, n'kufunsanso za botolo. Mayi ake anafotokoza mosangalala, ngati munthu amene wakhala akudikira kuyamikiridwa. Anati mwana wawo atangochoka, anaona kuti udzu wayamba kutuwa m'mphepete. Iwo agulitsa masamba pa msika wa Chinsapo kuyambira Tisunge ali kumsana, ndipo sanaonepo kasitomala akugula chinthu chofota pamene chobiriwira chili pambali. Ndiye ankauwaza m'mawa uliwonse asanapite kokapikula. Masiku amene mpopi unauma, ankakaima pamzere kukiyosiki yogulitsa madzi kuti apeze ndowa yapadera ya udzuwo. Poona kuti madzi akungotsetsereka pamwamba, anamasulako zingwe pang'ono kuti azilowa mpaka m'kati.

Tisunge anakhala pa belo. Anadzambatuka nthawi yomweyo, siketi itanyowa.

"Amayi, uwutu ndi mfutso. Mfutso wa ng'ombe. Mfutso amauthirira?"

A Dailesi anauyang'ana udzuwo, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Mfutso wake uti wobiriwira chonchi? Wanga umada bii. Uwu ndimauona kuti udakali ndi moyo."

"Unauma mu Meyi."

"Ukanafuna woti azingoupenya osachita kanthu, ukanasiyira galu."

Tisunge anafotokoza pang'onopang'ono, mawu akutulukira m'mano, kuti udzu wouma ukanyowa umaola kuyambira m'kati, kuti chuku chimenecho chimadwalitsa ng'ombe, ndipo ya bere ikhoza kutaya mwana. Mayi ake anamvetsera mutu uli pambali. Atatha, anati nkhaniyo si yovuta. Angosankha mabelo ooneka bwino n'kuwaika kutsogolo, enawo kumbuyo, monga mmene tomato wosalala amakhalira pamwamba pa mulu. Wogula aliyense amadziwa zimenezo ndipo sakwiya.

Kwa kanthawi Tisunge anayang'ana muluwo ndi maso a mayi ake. Kunja kwake mabelowo ankaonekadi bwino. Anakumbukira matuza a chikwakwa m'manja mwake, ndi azakhali ake amene ankamufunsa pa maliro aliwonse ngati udzu wayamba kubereka. Kenako anakumbukira ng'ombe ya a Mhango imene anaiona atapita kukakambirana nawo za udzuwo, yakuda ndi yoyera, mimba ili apo.

"Tomato woola amatayidwa pophika," anatero. "Ng'ombe sisankha. Palibe ngakhale limodzi limene munalisiya?"

Apa a Dailesi anayamba kukonzakonza chitenje chawo. Anavomera monyinyirika kuti analipo ena, a mzere wa kukhoma, amene anawapeza atatuwa kale kwambiri. Anaona kuti kuwathirira n'kungotaya madzi. Ndipo poopa kuti wogula angawaone n'kunyoza katundu yense, anawakokera kuseri kwa bafa n'kuwafunditsa malata akale.

Tisunge anathamangira komweko. Anakankha malatawo. Mabelo analipo ochepa, osakwana ngakhale kudzaza ngolo imodzi. Anapisa dzanja. Munali mozizira. Udzu unalira tswatswa, ndipo m'kati unali wobiriwira, wonunkhira tiyi. Anaugwira kumphuno nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

Galimoto ya a Mhango inamveka ikulimbana ndi mabampu a mumsewu, kenako inaima pageti. Anatsika bambo wamtali, wa imvi, shati yopisira ngati akupita kukalasi. Tisunge asanafike n'komwe, mayi ake anali atawalonjera kale, atawafunsa za kunyumba, za mpingo ndi za kumudzi ku Rumphi, ndipo ankawatsogolera kukhola.

"Abambo, musayang'ane awo ali kubafawo, ndi otsalira. Katundu weniweni ali muno. Tamusamalira ngati khanda."

A Mhango anaima pakhomo pa khola n'kukweza mphuno pang'ono. Anapisa dzanja m'belo, n'kulisiya momwemo kanthawi. Atalitulutsa analipukuta ndi kansalu ka m'thumba, chala chimodzichimodzi. Anangoyang'ana Tisunge ngati mmene ayenera kuti ankayang'anira ana ochedwa.

Tisunge anawauza zonse mosazungulira: kuti udzu wa m'kholamo wanyowa, kuti sangawagulitse, ndipo asaupereke kwa chiweto chilichonse ngakhale atapatsidwa ulere. Sanatchule amene anaunyowetsa. Sizinafunike, chifukwa a Dailesi anali atanyamula botolo lija, ndipo ankafotokoza okha za mizere ya kukiyosiki.

A Mhango anatsokomola m'kansalu kawo kaja. Chifuwacho chinatenga nthawi, ndipo mapewa awo ankagwedezeka.

Kuseri kwa bafa anaunyamula udzu, kuupinda, kuununkhiza, n'kutafunako kamodzi. Anati uwu ndiye udzu, unamwetedwa pa nthawi yake, ndipo autenga wonse. Koma za gulu anakana mwaulemu. Alimiwo ankafuna munthu woti awafikitse mu Disembala, ndipo apa panalibe ngakhale zokwanira ng'ombe zawo zokha. Chaka chino akagula kwina. Ngati Tisunge adzamwetenso, abwere kumsonkhano wa gulu mu Epulo, iwo adzamuikira umboni.

"Koma pakhola paja, mwana wanga," anatero akutseka chitseko cha galimoto, "mugulirepo loko."

Fumbi la galimoto litatsika, Tisunge anayamba kutulutsa mabelo oolawo, kudula zingwe n'kuwamwaza pabwalo kuti angapse okha m'kholamo. Ana a kwa aneba anabwera kudzaonerera, n'kuthawa fungo. Mayi ake anavula chitenje chatsopano, n'kumanga chakale, n'kuyamba kumuthandiza. Anagwira ntchito mpaka dzuwa linafika pamutu. Bwalo lonse linadzaza chaka cha Tisunge.

A Dailesi anawongola msana. Anati munthu uja ndi waulemu, koma kugula sadziwa. Anasiya katundu wooneka bwino n'kutenga zotuwa. Tisunge anapitiriza kudula zingwe. Patapita kanthawi, mayi ake anafunsa ngati udzu woolawo ungathe kuphimbira nazale yawo ya tomato, poti dzuwa likuwotcha mbande.

"Ungathe."

"Ndiye ukakhala panazale, ndingauthirire?"

Tisunge anaponya pansi chingwe chimene chinali m'manja mwake.

"Thirirani, Amayi. M'mawa, masana, madzulo. Thirirani mpaka mpopi uume."

"Usandikalipire ngati ndine mwana wako." Anatambasula dzanja. "Bweretsa botolo langa. Ndakuona ukulibisa m'chikwama. Mpiru ukufota kumsika."