Mtovu M'chitsime cha Achimwene

Ntchito yanga kulabu ndi kupanga tizidutswa ta siliva, tating'onoting'ono moti maso sangatione. Tizidutswati tikakhala m'madzi, madziwo amaoneka achikasu. Timapha tizilombo toyambitsa matenda, komanso tikakumana ndi mtovu, chitsulo chapoizoni cha m'mabatire, timaunjikana, chikasu chija n'kutha.

Loweruka ndinapita kwa achimwene, kabotolo kanga ka madzi a siliva aja kali m'chikwama. Iwo amagwira ntchito pafakitale ya mabatire, ndipo ngalande ya fakitaleyo imadutsa kuseri kwa mpanda wawo, pafupi ndi chitsime. Akazi awo, alamu anga, anali oyembekezera, mimba ili apo. Ndinatunga madzi pachitsimepo n'kudonthezera m'kabotolo muja, tonse tili m'khitchini. Ndisanaphethire n'komwe, mbuu, kutuwa ngati phulusa.

"Muli mtovu umu. Lolemba ndikukanena kwa azaumoyo," ndinatero.

Achimwene anaseka. "Iwe, sukulu yakuzunguza mutu eti? Akatseka fakitale, ine ndizikagwira kuti? Kulabu kwakoko?"

"Timawiritsatu madziwa, mlamu," anatero alamu chapansipansi.

"Mtovu si kachilombo, alamu. Muwiritse mpaka poto apserere, umakhala uli momwemo. Ndipo woyamba kuvulala ndi mwana ali m'mimbamo."

"Ndiye kathire siliva wakoyo m'chitsime," anatero achimwene. "Si umadzitama kuti amapha chilichonse?"

Mtima wanga unachita phwii. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake!

"Siliva amapha zamoyo. Ichi n'chitsulo. Iye amangokuuzani kuti chilimo."

"Wauza iweyo. Ine sanandiuze kanthu." Anatenga kapu, kutunga mundowa ya madzi apachitsime, n'kugugudiza yonse. Anapukuta pakamwa ndi mkono. "Ndafa?"

Anandilera ndi iwowa, ndipo chibadwire sindinawachitepo mwano. Koma tsiku limenelo ulemu ndinauika pambali. Ndinalanda kapu ija, kuidzaza mpaka m'milomo, n'kuwagwiritsa m'manja.

"Chabwino. Apatseni alamu. Muwamwetse nokha, ine ndikuona."

"Mwana wopanda khalidwe iwe."

"Eya, ndavomera. Apatseni."

Anatembenukira kwa akazi awo. Anawalozetsa kapu ija. Alamu, poti ndi amuna awo, anatambasula manja onse awiri kuti alandire. Ine mantha anandigwira, ndinaganiza kuti ndaonjeza.

Achimwene anabweza dzanja. Anakhuthulira madziwo musinki, kenako ananyamula ndowa yonse n'kukaitaya panja. Pobwera sanandiyang'ane.

"Lolembalo usakatchule dzina langa," anatero. "Ndakupempha, mlongo wanga."

Zinandiwawa, sindinama. Ndinatseka kabotolo kanga mwamphamvu.

"Akakandifunsa kuti chitsime n'cha ndani, achimwene, ndikanena."