Adani Awiri Mumphika Umodzi

Mayi Tang sanadikire n'komwe kuti Lanzhi amalize kugwadira alendo. Anamukoka nsalu yoyera yamaliro, napita naye kuseri kwa nkhata zamaluwa, n'kumufumbatitsa kapepala kopindapinda.

"Ndikudziwa kuti n'zosayenera, mwanawe. Bambo ako akadali m'bokosi, ine ndikubwera ndi zanga. Koma amuna anga aja, lero ndi lachitatu osaika nthiti pansi. Akugona chokhala, kukamwa kuli yasa. Ndimati ndidikire muike kaye, koma ndikuopa kuti maliro akhala awiri."

Lanzhi anatambasula pepalalo. Analemba ndi bambo ake, sing'anga Pu, ndipo tsiku limene linali pamwamba linali lomwe lija anagwa pabwalo masana, akuyanika makoko a malalanje, osadzukanso. Analilemba m'mawa wa tsiku lomwelo kunyumba kwa bambo Ran, amuna awo a mayi Tang, n'kunena kuti mankhwalawo adzatengedwe mawa lake.

Analiwerenga monga ankawerengera mapepala onse pa zaka makumi awiri ndi zisanu zimene wakhala akuyeza mizu m'sitolo ya bambo ake. Umayamba ndi muzu wolamulira, umene amati ndi mfumu ya mphika, kenako nduna zake, kenako athandizi, pomaliza mthenga wolondolera mankhwala kumene kuli nthenda. Mfumu inali fuzi, muzu wakuda wotentha uja umene umakoleza moto m'thupi lozizira, koma ukauphika mwaulesi umaimitsa mtima. Izo sizinamudabwitse, poti ku Jiangyou kuno fuzi amalima m'minda ngati mbatata. Chodabwitsa chinali pamzere wachitatu. Panalembedwa banxia, timizu toyera toumitsa makhololo.

Mwana wokulira m'sitolo yamankhwala amaloweza mizu yodana asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Lanzhi analoweza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo akaphonya, kandodo ka sikelo kankatera pachikhatho. Fuzi ndi banxia ndi adani, saloŵa mumphika umodzi. Sing'anga akafuna kuwaphatikiza dala, amalembanso dzina lake pambali pa muzuwo, kuti woyeza adziwe kuti si kuphonya. Apa dzina panalibe. Panali kamzere kamodzi kokhota, konjenjemera, kothera m'dontho la inki. Kaya chinali chiyambi cha dzina, kaya linali dzanja la munthu amene mutu unali utayamba kale kumuthawa, yekha wodziwa anali gone m'bokosi.

"Pali vuto, mwanawe?" anafunsa mayi Tang.

"Iyayi. Pitani, ndikupezani."

Lanzhi anapeza mchimwene wake wamkulu, Dehai, m'sitolo, zitseko zili zotsekedwa theka, akuyang'ana madilowa mazana atatu osungiramo mizu ngati munthu woyeza nkhuni. Anali atabwera kuchokera ku Chengdu, kumene amagwira ntchito ku kampani ya mapiritsi, ndipo chifikireni foni sinachoke kukhutu. Koma ndodo ya sikelo inamuteranso iye paubwana. Anangoponya diso papepalapo n'kuona.

"Ameneyu anali atapita kale polemba izi."

"Musawatche ameneyu, achimwene."

"Bambo anali atakalamba, Lanzhi. Chaka chatha anandiitana dzina la amalume amene anafa kalekale."

"Anachita dala. Amati nonse awiri simuoneka pakhomo pano."

Dehai sanaseke. Anapinda pepala lija n'kumubwezera. "Kaliponye pamoto limodzi ndi ndalama za akufa tikuwotcha panjazo. Likawapeze komweko, akalikonze okha."

"Nanga bambo Ran?"

"Chipatala chilipo."

"Anapitako kawiri. Anawapatsa kopopera m'kamwa n'kuwauza kuti azikapumula kunyumba."

"Ndiye azipumula! Tamvera, iwe. Ukawapatsa zimenezi n'kufa, apolisi sadzakumba bambo m'manda. Adzanyamula iweyo. Popanda dzina lachiwiri ulibe chilolezo choyeza, ukudziwa bwino. Sitolo iyi anayamba ndi agogo awo a bambo, ndiye dzina lonselo lithere m'mbale imodzi?"

"Ndikakana, ndiye kuti ndavomera kuti bambo anafa atasokonezeka."

"Vomera! Akufa sachita manyazi."

Lanzhi anali ndi mantha, ndipo pansi pa manthawo panali mkwiyo wakale. Zaka zonsezi bambo ake sanamulolepo kulemba ngakhale mankhwala a chimfine. Akafunsa chifukwa chimene aikira muzu uwu osati uwo, yankho linali limodzi: "Iwe yeza, kuganiza n'kwanga." Anaphunzira mwakuba, akumvetsera kuseri kwa sikelo, akuwerenga mabuku awo iwo akatuluka. Lero munthu yemweyo wamusiyira kuganiza konse, osatsanzika n'komwe.

Anavula nsalu yamaliro, poti sulowa nayo m'nyumba ya wodwala, n'kutsika ndi kanjira kakumtsinje.

Bambo Ran, amene moyo wawo wonse anathera m'madzi akukumba mchenga wogulitsa, anali tsonga pabedi, atafunda gombeza lathonje dzuŵa la Julaye likuswa mtengo. Mpweya unkalira m'chifuwa mwawo ngati ketulo.

"Wabwera kudzandiyeza msinkhu wa bokosi?" anatero, mawu akuduka.

"Bokosi lanu mitengo yake sanadzale n'komwe. Bweretsani mkono."

Anaika zala zitatu pamtsempha. Kanali koyamba kugwira wodwala popanda maso a bambo ake kumsana. Mtsempha unali pansi kwambiri, wowonda ngati ulusi, moti anachita kukanikiza mpaka pafupa kuti aumve. Lilime linali lotuwa, lonyowa, lokutidwa ndi zoyera. Mapazi anali zii. M'kachitini kolavuliramo munali makhololo oyera, amadzimadzi. Apa Lanzhi anaona njira imene bambo ake akanatha kudutsa. Moto wa m'thupi unali pafupi kuzima, ndipo madzi anali atasefukira m'chifuwa. Fuzi yekha akanakoleza moto, madziwo n'kuuzimitsanso. Banxia yekha akanaumitsa madzi, koma thupi lopanda moto likanadzazanso ena. M'mabuku a zaka pafupifupi zikwi ziwiri muli malo ochepa pamene akale anaphika awiriwa pamodzi. Komabe kudziwa chifukwa chimene munthu akanachitira chinthu si umboni woti anachichita ali ndi nzeru zake zonse.

"Polemba bambo anati chiyani?" anafunsa Lanzhi.

"Bambo ako ankalankhula ngati?" anayankha mayi Tang. "Anangokhala duu, burashi yolembera ili m'mwamba, mpaka tiyi anazizira. Kenako analemba msangamsanga, n'kupempha madzi akumwa."

"Ine anandiuza kuti ndisafe mawa lisanafike," anatero bambo Ran. "Ine ndamvera. Pangano waphwanya ndi iyeyo."

Anafuna kuseka, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka milomo inada, maso ali tong'o, mayi Tang akuwasisita pamsana ndi kuwatchula dzina laubwana. Lanzhi anaima chilili akuwerenga mpweya wawo. Munthu ameneyu analibe masiku odikira kuti ana a sing'anga agwirizane.

Atabwerera kunyumba analowera khomo lakuseri. Kutsogolo ansembe ankaomba zinganga zawo, ndipo amuna olonda maliro ankaphwanyitsa timiyala ta juga ya majiang patebulo, wina akutukwana mwayi wake. Lanzhi anatsegula madilowa mmodzimmodzi, nayeza muzu uliwonse kawiri pa kasikelo kamkuwa. Fuzi anayamba kumuphika payekha mumphika wadothi, pamodzi ndi jinja. Anamuŵiritsa maola awiri, madzi akaphwera akuthiramo oŵira okhaokha, monga ankachitira nthawi zonse. Itakwana nthawi yothira mizu ina, anagwira banxia m'manja nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Kenako anatsinzina n'kuponyamo.

Fungo ndi limene linamuitana Dehai.

"Wapenga iwe? Waphikadi?"

"Ndawaona, achimwene. Inu simunawaone."

"Wawaona ndiwe ndani? Pepala la using'anga ulibe. Ndiwe woyeza basi!"

Mawuwo anamulasa, chifukwa anali a bambo ake enieni, ongosintha pakamwa. Dehai anakulunga nsanza m'manja n'kugwira chigwiriro cha mphika kuti akautaye kungalande. Lanzhi anagwira mbali inayo. Anthu aakuluakulu awiri, wina wa imvi kale, ankalimbirana mphika woŵira.

"Chotsa dzanja pamenepo, Dehai."

Anali mayi awo. Chimwalirireni amuna awo anali asanalankhule mawu opitirira atatu, ankangokhala pafupi ndi bokosi akupinda mapepala owotcha. Tsopano anaima pakhomo la khitchini, kamunthu kochepa m'nsalu yoyera yowakulira. Ananunkhiza m'mwamba kamodzi.

"Fuzi ameneyu. Wam'phatikiza ndi ndani?"

"Ndi banxia, amayi. Bambo analembera bambo Ran, koma dzina lachiwiri sanamalize."

Mayiwo sanapemphe kuona pepala, poti kuwerenga sanaphunzire. Anakwera pakampando, natsitsa chitini cha mphodza kuchokera pashelefu yapamwamba. Anatapa manja awiri, nathira m'kapoto pamodzi ndi muzu wotsekemera, n'kuteleka pamoto winawo. Anatulutsa botolo la uchi. Kenako anaika patebulo mbale ziwiri, ina yaikulu, ina yaing'ono. Zonsezi anachita mosafunafuna, ngati munthu wodziwa pamene chilichonse chimakhala ngakhale mumdima.

"Mphodza n'zachiyani?" anafunsa Dehai.

"N'zotsitsira chiphe, ngati chingakwere. Masiku aja bambo anu ankatseka chitseko ichi masana n'kunena kuti akupumula, inu mumayesa akugona? M'nyumba muno adani sanatulukepo pakhomo asanadutse pakhosi pa mwini mphika. Ankamwa mbale yaing'onoyo, n'kukhala apo ola lathunthu. Lilime likapanda kuchita dzanzi, mtima ukapanda kudumpha, ndiye yaikuluyo inkapita kwa wodwala."

Lanzhi anakumbukira masikuwo. Masana ambirimbiri anakhala m'sitolo akuyenda monyang'ama, akuuza odwala kuti alankhule motsitsa chifukwa sing'anga wagona.

"Kangati?" anafunsa.

"Sindinkawerenga. Kawiri mphodza zinagwira ntchito. Kachiwiriko iwe unali pamsana panga."

"Amayi!" anakuwa Dehai. "Ino si nthawi ya Shennong, sing'anga wamakedzana uja, yomalawa udzu uliwonse kuthengo! Mawa tikuika bambo, ndiye mukufuna tiikenso uyu?"

"Sindikumukakamiza. Akafuna ataye, ndipo palibe adzamunene. Koma ngati mankhwalawa akupita kwa a Ran, ayambira pano." Anatembenukira mwana wawo wamwamuna. "Iwe khala apo ndi foni yakoyo. Milomo yake ikayamba kuchita dzanzi, uitane ambulansi. Ugwireko ntchito pamaliro a bambo ako."

Dehai anayang'ana mlongo wake ngati akumuona koyamba. Kenako anakoka mpando, nakhala, naika foni patebulo, nambala ili yolembedwa kale.

"Lanzhi, mlongo wanga, ungonena kuti ayi. Ndikawauza ndine mayi Tang."

Lanzhi anasefa mankhwala aja, akuda bii, nadzaza mbale yaikulu n'kuivundikira. Otsala anathira m'mbale yaing'ono. Mphodza zinali zitayamba kubwata. Kutsogolo zinganga zinaleka, ndipo m'khitchini munangotsala phokoso la kapoto kaja. Anaganiza za mtsempha wowonda uja pansi pa zala zake, naganizanso za kamzere kokhota papepala, ndipo pa ziwirizi anapeza kuti chimene akuchikhulupirira ndi zala zake. Koma mantha sanachoke. Ponyamula mbale manja ake ananjenjemera kwambiri moti mankhwala anatayikira patebulo. Anaibweza pansi, nayesanso, n'kutayanso ena. Manyazi anamugwira, misozi ili lengelenge.

"Mwaona, amayi? Ndine woyeza basi. Bambo sakananjenjemera chonchi."

"Iwowo?" anatero mayi aja.

Anazungulira tebulo, naima pambali pake. Anaika zikhatho zawo zouma pamwamba pa manja a mwana wawo, uku ndi uku, mbale ili pakati, n'kuikweza pang'onopang'ono mpaka pamilomo.

"Zaka zonsezi mbale ndinkawagwirira ndine. Imwa, asanazizire."