A Jenerale ndi Thumba la Ufa

A Jenerale Amatzia Degani, amene gulu lonse lankhondo linkangowatchula kuti Matzi ngati mwana wa kumkaka, atavula yunifolomu anapeza kuti kunyumba kulibe wowachitira saluti. Akazi awo anawapatsa paipi kuti azithirira maluwa. Anathirira mpaka maluwawo anafa ndi madzi, kenako anati dziko likuwaitana. Kuno ndi mmene zimakhalira. Jenerale akangopuma ntchito dziko limayamba kumuitana, ngakhale enafe tikatchera khutu sitimva kalikonse.

Ankadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali mfuu ija ya "Nditsateni" imene anakuwa paphiri lina kumpoto akadali ndi tsitsi, ndipo mawuwo tsopano anali pa zikwangwani zonse pansi pa chibwano chawo. Chachiwiri sichinalembedwe pa chikwangwani chilichonse. A Matzi anali katswiri wotseka. Zaka zonse za ukulu wawo anazithera kutseka misewu, midzi ndi zipata, moti akamva kuti penapake padutsa bulu osafunsidwa kumene akupita, tulo sankatiwona.

Chipani chinawalandira ndi manja awiri, koma mamembala ndiwo amavota kuti ndani akhale pamwamba pa mndandanda, ndipo wokhala kumunsi Nyumba ya Malamulo amangoionera pa kanema. A Matzi anali kumunsi. Chisankho cha chipulula chinali pafupi, ndipo paipi ija inali kuwadikira pa khonde.

"Bwana, anthu sakudana nanu ayi," anatero Ravit, mayi woyendetsa kampeni yawo, amene anali atakwezapo majenerale ena ndi kuwatsitsanso. "Kungoti akakuonani amayamba kupisa m'thumba kufunafuna chiphaso. Tipite ku Ramla kwa Mayi Sultana Elkayam. Mayi amenewo akaloza munthu ndi mlomo, nthambi yonse ya chipani kumeneko imamuvotera. Akatikana, kagulireni fetereza wa maluwa."

Tsiku lake linali la Mimuna, madzulo amene Pasika amatha, pamene mabanja a Chiyuda ochokera ku Moroko amatsegula zitseko kuti aliyense wodutsa alowe adye. M'galimoto Ravit anawaphunzitsa ngati mwana wopita kwa apongozi a mkulu wake.

"Akakuvekani kachipewa kofiira, musavule. Akakupatsani mufuleta, zitumbuwa zawo zopyapyala zija, idyani ndi manja, uchi uchuche mpaka pachigongono, wojambula aone. Ndipo chonde, bwana, musalamule munthu."

"Ine ndimalamula anthu?"

"Dzulo munauza woperekera khofi kuti abwereze zimene mwanena."

Chinthu chimodzi Ravit anaiwala kunena, chifukwa kuno ngakhale mphaka amachidziwa. Masiku onse a Pasika m'nyumba simukhala ufa, ndipo ufa woyamba wophikira mufuleta kwa Mayi Sultana sugulidwa kusitolo. Amabwera nawo ndi Abu Nadim, Mwarabu wophika buledi tsidya la msewu, monga mmene aneba a Chisilamu ankachitira kwa makolo awo ku Moroko kuja. Koma a Matzi anakulira ku kibutsi, mudzi wolima ndi kudyera pamodzi, kumene chakudya chinkangotulukira pa kawindo ka kukhitchini, ndiye za ufa akanazidziwira kuti?

Atafika anapeza chitseko chili pululu, chotsamiritsidwa ndi mtondo wamkuwa. Anthu ankalowa ndi kutuluka ngati pamsika, wina ndi mwana kumsana, wina ndi ng'oma, popanda wofunsa dzina. A Matzi anaima n'kuyang'ana chitsekocho ndi chisoni. Anayang'ana Boaz, mlonda wawo, ndipo Boaz anayang'ana chitseko ndi chisoni chomwecho.

Mayi Sultana anali wamfupi, wovala mkanjo wonyezimira, wa mawu a munthu amene analera ana ambiri m'nyumba yaing'ono. Anawakokera a Jenerale pansi ndi kolala n'kuwaveka kachipewa.

"Ndiye ndinu a Nditsateni aja? Pachikwangwani mumaoneka wonenepa. Khalani apa, mwana wanga, mudye."

A Matzi sanakhale pamene analozedwapo. Anasankha mpando wotsamira khoma, woona zenera ndi khomo nthawi imodzi. Patebulo panali zotsekemera zamitundumitundu, mkaka, ngala za tirigu, ndi nsomba yamoyo ikuzungulira m'mbale yagalasi. Mufuleta ndiye panalibe.

"Mayi, nanga chakudya chojambulitsa chija?"

"Ufa ukubwera. Mukuthamangira kuti, kwayambika nkhondo?"

Anthu anaseka, a Matzi nawo anaonetsa mano monga Ravit anawaphunzitsira. Zinthu zinkayenda bwino ndithu. Bambo wina anali atawagwira kale paphewa, mayi wina akuwafunsa ngati ali ndi mwana wamwamuna wosakwatira. Mayi Sultana ankawayang'ana cham'mbali ngati munthu wosankha vwende, ndipo zinkaoneka kuti vwendelo alitenga.

Ndiye a Matzi anaona pazenera mkulu wina wa Chiarabu akuwoloka msewu, thumba lalikulu paphewa, akulunjika pakhomo podzaza anthu. Mutu sunafunsidwe n'komwe. Thupi lonse linabwerera kumene linazolowera.

"Boaz," ananong'ona, "tseka chitseko. Ona thumba ilo."

Boaz anakankha mtondo uja ndi phazi, anatuluka, chitseko chinati phwa. Woimba ng'oma anasiya dzanja m'malere. M'nyumba imeneyo ana anabadwiramo, maliro anatulukamo, koma chitseko chimenecho pa Mimuna chinali chisanatsekedwepo, ndipo phokoso lake linamveka ngati mbama.

A Matzi anaimirira, kachipewa katapendekera, chifuwa patsogolo. Kwa nthawi yoyamba chivulireni yunifolomu anamva kuti ali kwawo.

"Aliyense akhale pamene ali. Zonse zili m'manja."

"M'manja mwa yani?" anafunsa Mayi Sultana. Sanadikire yankho. Anadutsa pakati pa alendo n'kutsegula chitseko.

Pa masitepe panali poyera ndi ufa. Boaz anali atang'amba thumba ndi mpeni, dzanja lake lili m'kati mpaka pachigongono, akufufuza. Abu Nadim anali ataima moyang'ana khoma, manja m'mwamba, miyendo yotangadza, ufa uli mbuu pa nsapato zake za tchuthi. Chopweteka n'chakuti palibe amene anamuuza kuti aime choncho.

"Abu Nadim, tsitsani manja amenewo," anatero Mayi Sultana mwaukali. "Pano ndi pakhomo panga."

Mkuluyo anatsitsa manja pang'onopang'ono n'kudzisasa.

"Musavutike mtima, amake a Rafi. A Jeneralewa ndinawazindikira pachikwangwani, ndiye ndinati ndisawatayitse nthawi." Anatembenukira kwa a Matzi mwaulemu wonse. "Tinakumanapo, bwana, pa msewu wopita kwa mlongo wanga. Inu simungandikumbukire, pamzere paja tinalipo ambiri."

Ravit anawatsina a Jenerale pamkono mpaka anadumpha.

"Gwadani," anawanong'oneza. "Gwadani muwole ufawo ndi manja anu, mupepese. Wojambula ali apo. Tikhoza kupulumuka."

A Matzi anayang'ana ufa, anayang'ana mawondo awo. Anafunadi, tisawanamizire. Koma mawondo amenewo anali asanagwadepo pamaso pa munthu wonyamula thumba, ndipo ukalamba si nthawi yophunzira zatsopano. Pakamwa panatseguka pokha.

"Boaz, sesa apa. Madala, pepani, ndi ndondomeko chabe."

Ravit anatseka maso.

Amene anagwada anali Mayi Sultana, ndi mkanjo wawo wonyezimirawo. Anawola ufa wapamwamba wosakhudza dothi n'kuuika m'mbale, Abu Nadim akuwagwirira kukamwa kwa thumba. Atadzuka anafunsa mkuluyo ngati uvuni wake ukadali wotentha, ndiponso ngati kwatsala ufa wina.

"Ulipo wambiri. Koma kwanga n'kothina."

"Kwanga kuno kwathina kuposa."

Analowa m'nyumba, ananyamula chiwaya ndi botolo la uchi, anapatsira mpongozi wawo batala. Atafika pakhomo sanakweze mawu, anangonena ngati akuitana ana kuti akasambe m'manja.

"Amene akufuna mufuleta anditsate."

Abale inu, a Matzi anakuwa mawu amenewo pa misonkhano yonse, ndi zokuzira mawu, ndi nyimbo kumbuyo, koma anali asanaonepo anthu akutsata munthu chonchi. Woimba ng'oma anadzuka. Bambo wogwira paphewa uja anadzuka. Mayi wofuna mkamwini anakoka mwana wake wamkazi. Nthambi yonse ya Ramla inatsika masitepe ikuponda ufa, wojambula ali pakati akuthamangira kutsogolo kuti apeze malo abwino.

A Matzi anakonza kachipewa n'kuyamba kutsata nawo. Pakhomo anakumana ndi dzanja la Mayi Sultana, loyera ndi ufa, litawagwira pachifuwa penipeni.

"Inu khalani, mwana wanga. Nyumba isakhale yopanda mlonda. Ntchito imeneyi mumaitha."

"Mayi, za nthambi ija tikanakambirana pang'ono."

"Takambirana kale."

Ravit anatola chikwama chake. Anati akupita tsidya lija kukaona ngati pali choti n'kupulumutsa, koma mmene ananyamulira chikwamacho zinkaonekeratu kuti akupita kukadya.

"Bwana, paipi ija ikadalipo?" anafunsa ali pa sitepe.

Mayi Sultana anakoka chitseko ndi dzanja lawo, mofatsa, n'kuchitseka.

A Jenerale anabwerera pampando wawo wotsamira khoma, chidindo cha zala zaufa chili pa malaya. Tsidya la msewu ng'oma inayambanso, ndipo posakhalitsa fungo la batala linalowa pazenera. Patebulo nsomba ija inkangozungulira. Boaz anayendera chipinda ndi chipinda, anasuzumira kukhitchini ndi kuseri kwa makatani, kenako anabwera n'kuima chilili pamaso pawo.

"Bwana, malo onse ndi otetezeka. Mulibe munthu."